Kuyang'anira Boyila ya Nkhuni Uli Kutali: Zimene Foni Ingakuuzeni ndi Zimene Singakuchitireni

 

Nkhani yanga lero ikutitengera kumayiko ozizira, makamaka ku Austria ndi kumwera kwa Germany, kumene alimi ambiri ali ndi nkhalango zawozawo ndipo nyumba amazifunditsa ndi nkhuni. Musaganize za mbaula kapena moto wa pamafuwa. Kumeneko nkhuni zimayakira m'boyila yachitsulo yokhala m'chipinda cha pansi pa nyumba kapena m'kanyumba kapadera. Moto umatenthetsa madzi, pampu imawakankha m'mapaipi, ndipo madziwo amazungulira m'maradiyeta a m'zipinda kapena m'mapaipi okwiriridwa m'simenti yapansi. Mwezi wa Januwale kunja kumatha kuzizira mpaka madigiri 10 kapena 15 pansi pa ziro. Nyumba ikakhala masiku angapo yopanda moto, madzi a m'mapaipi amaundana, ndipo madzi akaundana amakula ndi pafupifupi 9 peresenti. Paipi imang'ambika mwakachetechete, mwini wake n'kudzadziwa tsiku limene madziwo asungunuka n'kuyamba kutsika m'makoma.

Choncho mlimi amene wapita kumsika, kapena amene amagwira ntchito m'tauni masana, amafuna kudziwa zimene zikuchitika kuchipinda cha boyila. Masiku ano amatulutsa foni n'kuona manambala. Funso limene ndikufuna tilisinkhesinkhe limodzi ndi lakuti: manambala amenewo ntchito yake yeniyeni n'chiyani?

Tiyambe ndi khalidwe la moto wa nkhuni, chifukwa zonse zagona pamenepo. Boyila ya gasi kapena ya mafuta imamvera. Madzi akatentha mokwanira, valavu imatseka, lawi limazima nthawi yomweyo. Nkhuni sizitero. Mukalonga makilogalamu 30 a nkhuni n'kuyatsa, mwalonjeza kulandira kutentha konse kumene kuli m'nkhunizo, mukufuna musakufuna. Mukhoza kuchepetsa mpweya kuti moto ufooke, koma moto wa nkhuni wopanikizidwa suzima, umangofuka. Utsi wake umasiya phula lakuda m'boyila ndi m'chumuni, nkhuni zimatha osapereka kutentha kwake, ndipo anansi amayamba kudandaula. Ku United States madandaulo otere pa maboyila a panja anali m'gulu la zifukwa zimene bungwe loteteza chilengedwe la EPA linakhazikitsira malamulo a utsi wa zipangizozi mu 2015, n'kuwakhwimitsanso mu 2020.

Maboyila abwino a masiku ano, monga amene amapangidwa ndi makampani a Fröling ku Grieskirchen, ETA ku Hofkirchen an der Trattnach ndi Hargassner ku Weng, onsewa m'chigawo cha Upper Austria, kapena Atmos ku Czech Republic, amawotcha nkhuni kawiri. M'chipinda chapamwamba nkhuni zimapsa ndi mpweya wochepa n'kutulutsa gasi. Fani imakokera gasiyo pansi kudzera pa kampata ka njerwa zosapsa, kumene amakumana ndi mpweya wina n'kuyaka ndi lawi lotentha pafupifupi madigiri 1,000. Lawi limeneli limayang'ana pansi, ndipo munthu woliona koyamba amadabwa. Boyila yotere imagwira bwino ikamayaka ndi mphamvu zake zonse kwa maola atatu, anayi kapena asanu, kenako n'kuzima. Koma nyumba sifuna kutentha konseko m'maola anayi. Imafuna pang'onopang'ono, usana ndi usiku.

Apa ndi pamene pamabwera thanki yosungira kutentha. Ndi thanki yaikulu ya madzi, yokutidwa bwino kuti isazizire, yoima pakati pa boyila ndi nyumba. Boyila imathira kutentha m'thanki, nyumba imatapamo. Ku Germany si nkhani ya kufuna kwa mwini: lamulo la zipangizo zazing'ono zamoto limene linakonzedwanso mu 2010 limati boyila ya nkhuni yolongedwa pamanja ikhale ndi thanki ya malita osachepera 55 pa kilowati iliyonse ya mphamvu yake. Boyila ya makilowati 30 ndiye kuti ifunika malita 1,650, ndipo ambiri amangoika 2,000.

Tsopano tiwerengere limodzi, chifukwa masamu awa ndiwo mtima wa nkhani yonse. Kuti lita imodzi ya madzi ikwere ndi digiri imodzi pamafunika pafupifupi ma watt-hour 1.16. Thanki ya malita 2,000 ikachoka pa madigiri 45 kufika pa 85 yasunga makilowati-awa pafupifupi 93. Nkhuni zouma bwino, zimene chinyezi chake chili pa 20 peresenti kapena kutsikirapo, zili ndi makilowati-awa pafupifupi 4 pa kilogalamu. Zaziwisi zongodulidwa kumene zimapereka theka la zimenezo, chifukwa moto umayamba wawiritsa madzi a m'nkhunimo. N'chifukwa chake mlimi wa ku Austria amawaza nkhuni n'kuzisanja pansi pa denga chaka chathunthu kapena ziwiri asanaziwotche. Makilogalamu 30 a nkhuni zouma ndi makilowati-awa 120, ndipo boyila yabwino imafikitsa m'madzi kupitirira pang'ono 100. Tiyerekeze kuti pa maola anayi amene moto ukuyaka nyumba yatapa 20. Otsalawo, 80 ndi kanthu, ayenera kupeza malo m'thanki. Thanki ikakhala yozizira, malo alipo. Ikakhala yodzaza theka, palibe, ndipo boyila idzakakamizika kufuka.

Ndiye funso la tsiku ndi tsiku la mwini boyila si lakuti kodi nyumba ikupsa. Ndi lakuti: ndiyatse liti, ndipo ndilonge nkhuni zingati? Ine ndimaona kuti phindu lalikulu la kuyeza kutentha uli kutali lili pa funso limeneli, osati pa ma alamu amene ogulitsa amakonda kulengeza.

Kuti funsoli liyankhidwe, sensa imodzi sikwanira. Madzi otentha ndi opepuka kuposa ozizira: pa madigiri 80 lita imalemera magalamu pafupifupi 972, pa madigiri 40 pafupifupi 992. Kusiyana n'kochepa, koma n'kokwanira kuti madzi otentha akhale pamwamba, ozizira pansi, osasakanikirana ngati mapaipi analumikizidwa mwanzeru. Nyumba imatapa pamwamba n'kubweza madzi ozizira pansi, ndipo malire a madzi otentha ndi ozizira amakwera pang'onopang'ono. Sensa yapamwamba ikhoza kumanena madigiri 80 tsiku lonse, mwini wake n'kumati zonse zili bwino, pamene pansi ponse pazizira kale. Malirewo akafika pamwamba, nambala imagwa m'kanthawi kochepa, ndipo kawirikawiri zimachitika usiku, pamene kunja kwazizira kwambiri.

Ikani masensa anayi kuchokera pamwamba kutsika pansi, iliyonse iimire malita 500. Tinene kuti foni ikuonetsa 80, 78, 55 ndi 40. Kuti gawo lililonse lifike pa 85 pakusowa madigiri 5, 7, 30 ndi 45, onse pamodzi 87. Chulukitsani ndi malita 500 ndi 1.16, mupeza makilowati-awa pafupifupi 50. Onjezani 20 amene nyumba idzatape moto ukuyaka, ndi 70. Pa kilogalamu iliyonse mumapindula pafupifupi 3.5, choncho nkhuni zofunika ndi makilogalamu 20, osati 30. Kakompyuta kakang'ono kakhoza kuchita masamu amenewa mphindi iliyonse n'kumangolemba pa foni kuti thanki yadzaza maperesenti akuti. Mwini nyumba ali kuntchito akhoza kuimbira mwana wake wamkulu n'kumuuza kuti: yatsa faifi koloko, koma usadzaze, longa magawo awiri mwa atatu. Maboyila ena atsopano amachita okha kuwerengera kotere n'kukuonetsani pa pulogalamu ya kampani, monga Fröling Connect kapena meinETA. Koma maboyila akale alipo ochuluka, amakhala zaka makumi awiri kapena kuposa, ndipo eni ake ndi amene amafuna mmisiri wowaikira masensa.

Kupatula pathanki, pali malo ena atatu amene sindingawasiye.

Oyamba ndi paipi yotulutsa madzi m'boyila, imene nthawi zambiri imakhala pakati pa madigiri 75 ndi 85. Achiwiri, amene anthu ambiri amawaiwala, ndi paipi yobweza madzi m'boyila. Mu utsi wa nkhuni muli nthunzi yambiri, ndipo nthunziyo ikakhudza chitsulo chozizira, cha m'ma madigiri 50 kutsika pansi, imasanduka madontho. Madontho amenewa si madzi wamba. Ali ndi asidi ndi phula, ndipo amadya chitsulo cha boyila kuchokera mkati. Ndiye chifukwa chake opanga maboyila ambiri amalamula kuti madzi obwerera asatsike pansi pa madigiri 60 kapena pafupi pamenepo. Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi valavu yosakaniza, monga ya Laddomat kapena ESBE za ku Sweden, imene imabweza madzi ena otentha kuti afunditse ozizira ochokera pansi pa thanki. Valavu imeneyi ikafa siichita phokoso. Nyumba imafundabe, palibe amene amadandaula, koma boyila imene ikanakhala zaka 25 imaboola isanakwane theka la zakazo. Sensa yotchipa yomangirira pa paipi imeneyo ikanaulula vutolo sabata yoyamba.

Achitatu ndi potulukira utsi. Boyila yoyera ikamayaka bwino, utsi umatuluka uli pakati pa madigiri 150 ndi 200. Nambala imeneyi imanena zambiri. Ikakwera msanga mutangoyatsa, moto wagwira. Ikamakwera movutikira, nkhuni n'zonyowa, kapena zatsamirana m'chipinda chapamwamba n'kusiya mphako pamwamba pa makala. Ikatsika pansi pa 100 patapita maola anayi, nkhuni zatha. Ikamakwera pang'onopang'ono sabata ndi sabata, ngakhale nkhuni ndi zomwezo, mwaye wakuta mapaipi a mkati ndipo kutentha kukuthawira kuchumuni. Amisiri amawerengera kuti madigiri 20 aliwonse owonjezera amakudyerani pafupifupi 1 peresenti ya nkhuni zanu. Utsi wozizira kwambiri nawonso si wabwino, chifukwa ukatsika pansi pa madigiri pafupifupi 120 m'chumuni wamba umasiya phula m'makoma, ndipo phula limenelo ndi limene limadzayaka tsiku lina n'kutentha denga.

Ngati nyumbayo ilinso ndi thanki ya madzi osamba, onjezani sensa pamenepo. Tizilombo ta Legionella, timene tinadziwika pambuyo pa mliri wa ku Philadelphia mu 1976, timaswana m'madzi ofunda a pakati pa madigiri 20 ndi 45, ndipo ku Britain malangizo a boma amati madzi otere azisungidwa pa madigiri 60. Sensa ina ikhale panja, ina m'chipinda chozizira kwambiri cha nyumbayo. Zimenezi n'zosavuta, sinditayapo nthawi.

Tibwere ku zipangizo, poti ndikuona ophunzira a zamagetsi ayamba kusuntha pamipando.

Pa madzi, sensa imene anthu ambiri odzipangira okha amagwiritsa ntchito ndi DS18B20, yopangidwa poyamba ndi kampani ya Dallas Semiconductor ku Texas, imene inagulidwa ndi Maxim, nayonso n'kugulidwa ndi Analog Devices mu 2021. Imayeza kuchokera pa madigiri 55 pansi pa ziro kufika pa 125, ndipo pakati pa 10 pansi pa ziro ndi 85 siphonya kupitirira theka la digiri. Ubwino wake waukulu ndi wakuti sensa iliyonse ili ndi nambala yakeyake yosafanana ndi ina iliyonse, choncho masensa khumi akhoza kukhala pa chingwe chimodzi cha mawaya atatu, n'kumayankha iliyonse ikaitanidwa ndi nambala yake. Pamafunika resistor imodzi ya ma ohm 4,700 pakati pa waya wa uthenga ndi wa magetsi. Yalani chingwe chimodzi chodutsa pa sensa iliyonse motsatana; mukachita nthambi zazitali zochokera pamalo amodzi, uthenga umasokonezeka ndipo masensa amayamba kusowa ndi kubwerera popanda chifukwa chooneka.

Sensa imeneyi ili ndi msampha umene ndikufuna muulembe. Ikangolandira magetsi, isanayeze chilichonse, nambala imene imakhala m'mutu mwake ndi 85. Ndiye waya akakhala wolobodoka, magetsi n'kumaduka ndi kubwerera, sensa imanena kuti madigiri 85. Pa firiji kapena panja aliyense angaone kuti ndi bodza. Koma pa thanki ya boyila 85 ndi nambala yokongola, yonena kuti thanki yadzaza. Munthu akhoza kugona mtima uli m'malo pamene thanki ili pa 40. Pulogalamu yanu izikayikira 85.00 yongotulukira mwadzidzidzi, iziyezanso. Momwemonso, amene amagwiritsa ntchito kakompyuta ka Arduino adzaona nambala ya 127 pansi pa ziro sensa ikaduka. Imeneyo isalowe m'masamu a thanki. Chenjeraninso ndi masensa achinyengo, amene adzaza pamisika ya pa intaneti. Musanaike, amangeni onse pamodzi, aviikeni m'madzi osakaniza ndi ayezi muone ngati akunena ziro, kenako m'madzi otentha muone ngati akugwirizana. Lembani nambala ya iliyonse pa kapepala n'kumata pa waya wake. Mmisiri wodzabwera pambuyo panu adzakudalitsani.

Kaikidwe kake n'kofunika kuposa mtengo wake. Pathanki pamakhala timapaipi totseka kumapeto tolowa mkati mwa madzi, ndipo sensa ilowe mpaka kumapeto. Pa paipi, palani pamalopo payere, pakani mafuta opititsa kutentha, mangani zolimba, ndipo kutani ndi chofunda cha mapaipi. Sensa yosakutidwa imayeza theka paipi, theka mpweya wa m'chipinda, ndipo imanama ndi madigiri angapo.

Pa utsi DS18B20 ingapse. Pamenepo pamafunika thermocouple ya mtundu wa K, mawaya awiri a zitsulo zosiyana owotcheredwa kumapeto, amene amapirira madigiri opitirira 1,000. Imagwira ntchito pa mfundo imene Thomas Seebeck anaitulukira mu 1821: mfundo ya zitsulo ziwiri ikatentha imatulutsa timagetsi. Timagetsito n'tochepa kwambiri, pafupifupi ma microvolt 41 pa digiri, motero pamafunika kachipangizo kokulitsa monga MAX31855, ndipo waya wake asayende limodzi ndi wa pampu kapena wa fani. Ena amasankha sensa ya platinamu, Pt1000, imene makampani ambiri a maboyila amaikamo kale.

Masensa onsewa amalumikizidwa ku kakompyuta. Ena amagwiritsa ntchito Raspberry Pi ya ku Cambridge, imene inayamba kugulitsidwa mu 2012. Ena ESP32 ya kampani ya Espressif ku Shanghai, ya mu 2016, imene ili ndi Wi-Fi kale ndipo imadya magetsi ochepa. Manambala amatumizidwa kawirikawiri m'njira yotchedwa MQTT. Njira imeneyi anaikonza Andy Stanford-Clark wa ku IBM ndi Arlen Nipper mu 1999 kuti aziyang'anira mapaipi a mafuta kudzera pa satelayiti, nthawi imene uthenga uliwonse unali wodula, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero imakwanira pa netiweki yofooka. Pulogalamu yaulere ngati Home Assistant imalandira manambalawo, kuwasunga, kujambula magalafu ndi kutumiza uthenga ku foni. Kuyeza kamodzi pa mphindi n'kokwanira. Thanki ya malita 2,000 sithamanga.

Tsopano ndifike pa zimene ndimazitenga kuti ndi zolemera kwambiri m'nkhani yonseyi.

Choyamba, foni ikakhala chete sizitanthauza kuti kunyumba kuli mtendere. Alamu yonena kuti madzi apitirira madigiri 92 imafika pokhapokha ngati sensa ili moyo, kakompyuta kali ndi magetsi, rauta ikugwira, intaneti ilipo, ndipo kampani yonyamula uthengawo sinatseke. Tsoka lake, chinthu chimene chimaika boyila pangozi, kuzima kwa magetsi, ndi chomwecho chimene chimapha rauta. Mphepo ya chisanu ikagwetsa mitengo pa mawaya, pampu ndi alamu zimafera limodzi. Choncho dongosolo lanu lizikhala ndi mbali yokhala kunja kwa nyumbayo, imene ntchito yake ndi kudikira moni wa kakompyuta mphindi zingapo zilizonse, ndipo moniwo ukapanda kufika, izikuimbirani. MQTT ili nayo kale njira imeneyi: kakompyuta kamasiyiratu uthenga kwa seva, wakuti ndikasowa mosatsanzika, uuze anthu kuti ndafa. Pa foni, nambala iliyonse izionetsa nthawi imene inayezedwa. Madigiri 70 a maola asanu ndi limodzi apitawo si madigiri 70 a tsopano.

Musadalirenso kwambiri makampani a kutali. Mu Januwale 2016 vuto la pulogalamu linamaliza mabatire a zipangizo zowongolera kutentha za Nest, anthu ena ku America n'kudzuka m'nyumba zozizira pakati pa nyengo yachisanu. Mu Epulo 2022 kampani ya Insteon inazimitsa maseva ake popanda chenjezo, mapulogalamu a pa foni a makasitomala ake n'kusiya kugwira, mpaka gulu la ogwiritsa ntchito linagula kampaniyo n'kuyatsanso. Zipangizo zambiri zodalira 3G zinasanduka zinyalala pamene AT&T inatseka netiweki imeneyo mu 2022, ndipo Vodafone ndi EE anachitanso chimodzimodzi ku Britain pofika 2024. Boyila imakhala zaka makumi awiri; foni ndi mapulogalamu ake sizifika pamenepo. Manambala azisungidwa m'nyumba momwemo, ndipo pa thanki pazikhalabe mageji akale a muvi, oti agogo awerenge ndi maso popanda intaneti.

Chachiwiri, ndipo apa ndilankhula mosapsatira: uthenga wa pa foni si chitetezo. Tiyerekeze boyila ya makilowati 30 yokhala ndi malita 120 a madzi m'mimba mwake, pampu n'kufa moto uli pachimake. Kutentha konseko kukatsalira m'malita 120, madzi amakwera ndi madigiri opitirira 3 pa mphindi. Kuchokera pa 80 kufika pa 100 ndi mphindi zisanu ndi imodzi. Ngakhale fani itaima n'kutsitsa moto kufika pa gawo limodzi mwa atatu, simupitirira mphindi 20. Inu muli pa mtunda wa ola lathunthu. Uthenga wafika, mwauwerenga, ndiye mutani? Foni ili ngati mlonda wapampanda amene amakuwa bwino koma alibe ndowa. Madzi akasanduka nthunzi amafuna malo ochuluka kuwirikiza pafupifupi 1,700, ndipo chitsulo sichikambirana.

Zoteteza zenizeni zimakhala pa boyila pomwepo ndipo sizifuna magetsi kapena netiweki. Ku Ulaya maboyila a nkhuni amayesedwa pa muyezo wa EN 303-5, ndipo amene ali m'dongosolo lotsekedwa amakhala ndi paipi yopindapinda mkati, yolumikizidwa ku madzi ozizira a pampopi kudzera pa valavu yomva kutentha. Madzi a m'boyila akafika pafupifupi madigiri 95, valavu imatseguka yokha, madzi ozizira amadutsa, kunyamula kutentha n'kukatayika ku ngalande. Palinso valavu yotulutsa mphamvu ikapitirira, kawirikawiri pa ma bar 3, ndi thanki yolandira madzi akafutukuka. Amene madzi awo amachokera pa chitsime cha pampu yamagetsi aganizirepo kawiri, chifukwa magetsi akazima valavu ija idzatseguka koma sipadzabwera madzi. Otere amafunika batire loyendetsa pampu ya boyila, kapena maradiyeta oikidwa pamwamba amene madzi otentha amakwerako okha. Alamu ya mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo ndipo umapha anthu ali m'tulo, izilira m'nyumba momwemo, mokweza, osati pa foni yokha.

Alipo amene amafuna kupitirira kuona, kuti azitha kuzimitsa fani kapena kuyatsa pampu ali kutali. Ine sindiletsa kuti munthu atsitse kutentha kwa maradiyeta pa foni kuti thanki ifike madzulo, n'zanzeru. Koma chilichonse chokhudza moto ndi pampu ya boyila chisiyidwe m'manja mwa chowongolera cha boyilayo, ndipo kakompyuta kanu kazingoonerera. Chipangizo chimene inu mungachilamule muli kutali, wina amene waba pasiwedi yanu akhozanso kuchilamula. Musatsegule khomo pa rauta kuti kakompyuta kaoneke pa intaneti yonse, ndipo sinthani pasiwedi imene chinabwera nayo. Kumbukiraninso kuti galafu ya boyila imaulula masiku amene pakhomo palibe munthu.

Pakatha mwezi umodzi wa manambala, khalani pansi ndi mwini nyumba muwerenge galafu. Mudzaona kuti usiku wa madigiri 10 pansi pa ziro thanki imatha maola angati, ndipo wa madigiri 5 pamwamba pa ziro imatha angati. Mudzaona ngati thanki ikuzizira pamene nyumba sikutapa, chizindikiro chakuti chofunda chake n'chochepa kapena madzi otentha akuzembera m'paipi ina usiku. Mudzaona ngati masensa anayi aja akuyandikana msanga, kutanthauza kuti pampu ya nyumba ikuthamanga kwambiri n'kuvundula thanki. Mulu wa nkhuni za spruce ndi wa beech udzasiyana pa galafu, chifukwa beech ndi wolemera ndipo chipinda chomwecho chimanyamula makilogalamu ambiri. Patapita nyengo imodzi yachisanu, mwini nyumba amayamba kudziwa yekha nkhuni zolonga pongoyang'ana kunja, n'kumatsegula foni mwa apo ndi apo. Zikafika pamenepo, ntchito yanu yagwira.

Mwina wina akufunsa kuti ife kuno, kumene madzi saundana m'mapaipi, zitikhudza bwanji. Ena mwa inu mudzagwira ntchito ku Britain kapena kwina kumene maboyila otere ali m'mafamu, m'masukulu ndi m'nyumba zosamalira okalamba. Koma ngakhale kuno kwathu moto wa nkhuni woyezedwa ndi madigiri si wachilendo. Mlimi wa fodya wa flue-cured ku Kasungu kapena ku Mchinji amasonkhezera balani pafupifupi sabata yathunthu, kuyambira m'ma madigiri 35 pamene tsamba likusanduka lachikasu mpaka pafupifupi 70 pouma mitsitsi ya tsamba, ndipo amadzuka usiku kukawerenga choyezera kutentha. Madigiri onsewo DS18B20 imawakwanitsa, ndipo masensa awiri, ina youma ina yokutidwa ndi kansalu konyowa, angamuuzenso za chinyezi. Mafakitale a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje amawotcha bulugamu m'maboyila opangira nthunzi youmitsira tiyi. Amenewo ndi ena, a mphamvu yaikulu, oyang'aniridwa ndi malamulo awoawo, ndipo wophunzira asayerekeze kuboolapo kuti aike sensa. Koma kuyeza utsi wa pachumuni kuti mudziwe nkhuni zimene zikutayika ndi nzeru yomweyo. Kumene intaneti ili yofooka, uthenga wa SMS ndi batire lotchajidwa ndi sola n'zodalirika kuposa pulogalamu yokongola, ndipo ndi kuzimazima kwa magetsi kumene timakudziwa, zimene ndanena za foni yokhala chete zikutikhudza ife kuposa mlimi wa ku Austria.

Pempho langa kwa inu amisiri ndi ili. Tsiku lopereka ntchito, musangoonetsa mwini nyumba manambala okongola pa foni. Dinani batani la valavu yoziziritsa ija aone madzi akutuluka, ndipo mumuuze kuti iziyesedwa chaka chilichonse. Zulani sensa imodzi aone chimene foni ikunena. Kenako zulani pulagi ya rauta pamaso pake, mukhale pansi nonse awiri, mudikire uthenga wonena kuti kunyumba kwaduka. Ukapanda kufika, musalandire malipiro, ntchito sinathe.